Wogwira Kaundula Aziopa Mulungu

Ulaliki wa pa wailesi wa Lamulungu lachisanu la Pasaka



Mau oyamba amene tamva lero, ochokera m'mutu 6 wa buku la Ntchito za Apostoli, akutisimbira za mkangano woyamba umene udabuka pakati pa akristu a ku Yerusalemu. Munthu akadaganiza kuti anthu amene adangolandira kumene Mzimu Woyera, akati akangane, akadakangana pa nkhani zozama za chiphunzitso. Koma Luka woyera sakutibisira: iwo adakangana pa kagawidwe ka chakudya.

Mu Eklezia wa masiku amenewo munali magulu awiri a Ayuda. Ena anali mbadwa za m'dzikomo, olankhula chinenero cha makolo ao. Ena anali obadwira ndi kukulira ku maiko akunja, olankhula Chigriki, amene adabwera kudzakhazikika mu mzinda woyera. Mai wa gulu lachiwirili mwamuna wake akamwalira, ankatsala pakati pa anthu osamdziwa, abale ake ali kutsidya kwa nyanja. Akristu anali ndi thumba limodzi, mmene anthu onga Barnaba ankaponyamo ndalama atagulitsa minda yao, ndipo m'thumba limenelo ndimo munkachokera chakudya cha amasiye tsiku ndi tsiku. Tsono olankhula Chigriki adayamba kudandaula kuti amasiye ao akuiwalika pogawa.

Luka sakunena kuti wina adaba. Mwina ogawawo anali anthu abwino ndithu. Koma anali a gulu limodzi, ndipo maso ao ankaona nkhope zimene adazizolowera. Wamasiye wachilendo, wosadziwa kudandaula m'chinenero chao, ankatsalira kumbuyo kwa mzere mpaka dengu litatha. Apostoli atamva, sadawadzudzule odandaulawo kuti akugawa mpingo. Adaitana gulu lonse la ophunzira, nkhaniyo adaiika poyera, nauza anthu kuti asankhe okha amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, anzeru ndi odzala ndi Mzimu Woyera, oti ayang'anire ntchitoyo. Mvetserani maina a osankhidwawo: Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmenasi ndi Nikolasi wa ku Antiokiya. Onsewa ndi maina a Chigriki. Mpingo udatenga kaundula wa amasiye ndi kumpereka m'manja mwa anthu a mbali imene idaiwalidwa. Pambuyo pake, akutero Luka, Mau a Mulungu adafalikira ndipo ophunzira adachulukirachulukira.

Phunziro lake ndi ili, abale athu: chuma cha anthu onse chimatsata maso a munthu wolemba maina. Nchifukwa chake Mulungu amafuna kudziwa kuti wagwira kaundula ndani, ndiponso ngati wosauka ali ndi mau pamalo pamene mainawo akulembedwa.

Nkhaniyi taiwerenga m'nyengo ya masika, pamene ena akututa chimanga kupita nacho ku nkhokwe, ena akuyang'ana mapesi opanda kanthu ndi kudzifunsa ngati dzinja likudzali adzapeza nao chithandizo chimene boma limapereka kwa alimi. Tifuna kulankhula za chithandizo chimenecho. Koma paja mneneri Natani, pofuna kudzudzula mfumu Davide, adayamba wamsimbira mlandu wa munthu wina, kuti mfumuyo iweruze ndi mtima wosadziteteza. Nafenso tiyeni tiyambe ndi mlandu wa anthu akutali, alimi a thonje a ku America, kumene boma lakhala likulipira alimi ndalama kwa zaka zoposa 90.

M'chaka cha 1929 chuma cha dziko la America chidagwa, ndipo mitengo ya zokolola idagwera limodzi nacho. Thonje limene chaka chimenecho linkagulidwa pa masenti oposa 16 pa paundi, pofika 1932 linali la masenti 6 kapena kucheperapo. Alimi adalephera kubweza ngongole, mabanki nayamba kulanda minda. Pulezidenti Franklin Roosevelt atangolowa m'boma, pa 12 May 1933 adasaina lamulo lotchedwa Agricultural Adjustment Act. Nzeru yake inali yakuti, popeza zokolola zidachuluka kuposa ogula, boma lizimlipira mlimi kuti achepetse munda wake, motero mitengo ikwere. Chaka chimenecho thonje linali litamera kale, choncho alimi adalipidwa kuti aligalauze ndi pulawo lisadakhwime, ndipo maekala okwana ngati 10 miliyoni adaonongedwa motero. Olemba mbiri amasimba kuti nyulu zokoka mapulawo, zimene zidaphunzitsidwa moyo wao wonse kuyenda pakati pa mizere, zinkakana kuponda mbeuzo.

Cholinga cha lamulolo sichinali choipa. Mitengo idakweradi, ndipo mabanja ambiri adapulumutsa minda yao. Koma tifunse kuti ankalima thonjelo ndani. Kumwera kwa dzikolo minda yaikulu inali ya anthu ochepa, ndipo ogwira khasu ambiri anali matenanti: anthu akuda, zidzukulu za akapolo amene adamasulidwa mu 1865, pamodzi ndi azungu osauka. Inu amene mudagwirapo ntchito m'maesiteti a fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji mukuudziwa moyo umenewu. Mwini munda ankapereka malo, kanyumba, mbeu ndi chakudya cha ngongole. Pokolola ankatenga theka la thonje, ndipo pa theka lotsalalo ankadulapo ngongole monga momwe iye mwini adailembera m'buku lake.

Tsono ndalama za boma zitayamba kutuluka, cheke chinkapita kwa mwini munda. Pangano linkamuuza kuti agawireko matenanti gawo lao, ndiponso kuti ayesetse kusunga chiwerengero chao. Oyang'anira kuti zimenezi zikutsatidwa anali a komiti ya m'chigawo chaching'ono chimene iwo amachitcha county, chimene tingachifanizire ndi boma la Ntchisi kapena la Mwanza kuno kwathu. Ndipo m'makomiti amenewo ambiri okhalamo anali eni minda omwewo. Tenanti wofuna kudandaula kuti bwana wake wamdyera gawo lake ankapeza kuti woweruza mlanduwo ndi mnansi wa bwanayo, mwinanso mlamu wake.

Eni minda ambiri adawerengera msanga. Munda ukachepa, manja ofunika amachepanso. Tenanti ukamchotsa ndi kumlemba ngati waganyu wa tsiku limodzi, alibenso gawo pa cheke cha boma. Ndalama zotsalazo zikwanira kugula thirakitala, ndipo thirakitala imodzi igwira ntchito ya mabanja angapo. Motero ndalama zimene zidatuluka m'dzina lothandiza alimi zidasanduka chifukwa chothamangitsira alimi osaukitsitsa m'nyumba zao. Si onse eni minda adachita zimenezi. Alipo ena amene adagawa mwachilungamo. Koma dongosololo lidapangidwa mwakuti wosalungama ankapindula, ndipo panalibe womletsa.

Mu July 1934, pafupi ndi tauni yaing'ono ya Tyronza mu Poinsett County, m'dera la Arkansas, amuna 18 adakumana m'kalasi ya sukulu ya kumudzi. Mwa iwo 11 anali azungu, 7 anali akuda, ndipo nthawi imeneyo malamulo a kumeneko ankalekanitsa mitundu iwiriyi m'sukulu, m'sitima ndi m'malo odyera. Adakambirana ngati nkoyenera kupanga mabungwe awiri, la azungu ndi la akuda, koma adagwirizana kuti likhale limodzi, pakuti amene ankawadyera masuku pamutu anali mmodzi. Bungwe lao lidatchedwa Southern Tenant Farmers' Union, ndipo m'zaka zochepa lidafalikira m'madera oyandikana nao. Misonkhano yao, imene nthawi zambiri inkachitikira m'matchalitchi ang'onoang'ono ndi kuyamba ndi pemphero, inkabalalitsidwa ndi anthu a mfuti. Atsogoleri ao adamenyedwa ndi kutsekeredwa m'ndende.

Madandaulo ao adafika ku likulu la dziko, ku Washington. Maloya ena a mu unduna wa zaulimi, motsogozedwa ndi Jerome Frank, adawamva, nayesa kutanthauzira panganolo mwakuti mwini munda asathe kuchotsa matenanti ake. Mu February 1935 iwowo ndiwo adachotsedwa ntchito. Taonani kusiyana kwake ndi za ku Yerusalemu: kumeneko Apostoli adamva dandaulo nasintha ogawa, kuno akuluakulu adamva dandaulo nachotsa amene adalimvera chisoni.

Mu January 1939, nyengo yozizira koopsa, anthu oposa 1,000 othamangitsidwa m'minda ya kumwera kwa dera la Missouri adakakhala m'mbali mwa miseu ikuluikulu iwiri pamodzi ndi ana ao, mabedi, miphika ndi nkhuku zao, kuti dziko lonse liwaone. Adawatsogolera mbusa wachikuda, Owen Whitfield, amene nayenso anali tenanti. Patapita masiku owerengeka, akuluakulu a m'deralo adawasamutsira kutali ndi mseu, ponena kuti akuopseza umoyo wa anthu. Kunali kwapafupi kuwabisa kusiyana ndi kuwayankha.

Zaka zidapita, malamulo adasintha, koma kaundula adakhalabe m'manja omwewo. Mu 1965 bungwe la boma loona za ufulu wa anthu lidapeza kuti m'makomiti a county a kumwera konse munalibe ngakhale munthu wakuda mmodzi. Makomiti amenewa ndiwo ankagamula kukula kwa munda umene mlimi aloledwa kulima thonje, ndipo ndalama zinkatsata maekalawo. M'maofesi ena a unduna womwewo, ngongole ya mlimi wakuda inkachedwetsedwa mpaka nyengo yodzala itapita. Mu 1920 alimi akuda ku America analipo ngati 925,000. Pofika 1982 adatsala ngati 33,000. Zifukwa zinali zambiri, pakuti makina othyola thonje adafika ndipo mafakitale a m'mizinda ya kumpoto adakopa achinyamata, koma tsankho la pa kagawidwe linali chimodzi mwa zifukwazo, ndipo boma lomwe lidadzavomera kulipira. Mu 1999 khoti lidavomereza mgwirizano pa mlandu umene mlimi wina wa ku North Carolina, Timothy Pigford, adasuma pamodzi ndi anzake, ndipo alimi akuda zikwi zambiri adalandira madola 50,000 aliyense. Makolo athu adati mlandu suola. Komabe ambiri mwa olakwiridwawo anali atamwalira, ndipo minda imene idagulitsidwa sidabwerenso.

Ngakhale pamene palibe tsankho la khungu, vuto lina limatsala. Ndalama zikamaperekedwa potsata kukula kwa munda ndi kuchuluka kwa zokolola, wamkulu ndiye amalandira zambiri, nagula nazo munda wa mnansi wake wamng'ono. Mu 2001 bungwe lotchedwa Environmental Working Group lidaika pa intaneti maina a olandira ndalamazo, county ndi county, ndipo anthu adadzionera okha kuti mwa olandira khumi alionse, mmodzi wa pamwamba ankatenga gawo lalikulu la ndalama zothandizira mbeu. Maepiskopi Achikatolika a dzikolo anali atachenjeza kale za zimenezi m'kalata yao ya 1986 yonena za chilungamo pa chuma, mmene adapempha kuti chithandizo chilunjike kwa mabanja a minda yaing'ono ndi yapakati.

Tisaganize tsono kuti ndalama za boma ndi zotembereredwa. M'zaka zomwezo za mavuto, ku Granger m'dera la Iowa kunali wansembe wa parishi, Bambo Luigi Ligutti. M'parishi mwao munali anthu okumba malasha, amene ankapeza ntchito miyezi yochepa pa chaka ndi kugona m'zisakasa za kampani. Bambowo adapempha ngongole ku boma lomwelo la Roosevelt, ndipo mu 1935 mabanja 50 adalowa m'nyumba zatsopano, banja lililonse ndi kamunda ka maekala ochepa kolimapo chakudya ndi kuwetapo ziweto, namabweza ngongoleyo pang'onopang'ono. Boma linali lomwelo ndipo nyengo inali yomweyo. Chidasiyana nchakuti ku Granger wolemba maina ankadziwa zisakasa za anthu ake, pakuti ankalowamo kukadzoza odwala.

Eklezia sakayika kuti boma lili ndi udindo wothandiza alimi. Papa Yohane XXIII, mwana wa alimi osauka a kumpoto kwa Italy, m'kalata yao ya 1961 yotchedwa Mater et Magistra adapatula gawo lalikulu kulankhula za ulimi. Adaphunzitsa kuti mlimi amadikira nthawi yaitali kuti aone phindu, ndipo amakumana ndi zoopsa zimene wa mu ofesi sazidziwa, choncho boma liyenera kumganizira pa misonkho, pa ngongole, pa mitengo ya zokolola, ndi pa miseu, madzi, sukulu ndi zipatala za kumidzi. Koma adaonjezapo kuti alimi eniake ndiwo ayenera kukhala patsogolo pa chitukuko chao, ndipo agwirizane m'mabungwe kuti mau ao amveke. Ndi chiphunzitso chomwe chija cha mutu 6 wa Ntchito za Apostoli: wothandizidwa akhale nao pa bwalo pamene za iye zikukambidwa.

Tsopano, abale athu, monga Natani adatembenukira kwa Davide, tiyeni titembenukire kwa ife tokha. Mwina pomva za matenanti a ku Arkansas mtima wathu wapsa, ndipo taweruza kale eni minda aja. Chiweruzo chimenecho tichisunge, pakuti nafenso tili ndi kaundula wathu.

Kuno ku Malawi chithandizo cha boma kwa alimi chakhala chikubwera m'matumba a feteleza ndi mbeu. Mu 1998 kudali timapaketi tija ta Starter Pack. Chitachitika chilala cha 2005, boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa makuponi, amene ankampatsa mlimi mwai wogula matumba awiri a makilogalamu 50, lokulitsa ndi lobereketsa, pa mtengo wotsika. Mvula itagwa bwino m'zaka zotsatira, dziko lidakolola chimanga chochuluka, ndipo maiko ena adabwera kudzaphunzira. Mu 2020 ndondomekoyi idasintha dzina ndi kutchedwa AIP, thumba lidayamba pa K4,495, ndipo chiphaso cha unzika chidalowa m'malo mwa kuponi ya pepala. Maina a ndondomeko amasintha ndi maboma, mitengonso imasintha, koma chinthu chimodzi chimakhalapobe: matumba sakwanira onse, choncho wina ayenera kulemba maina, ndipo wina atsala.

Kuyambira zaka zoyambirira za makuponi, ofufuza adaona kuti mabanja opezako bwino ndiwo kawirikawiri ankalandira, pamene osaukitsitsa, makamaka amai olera okha ana, ankatsalira. Ife a kumidzi sitidasowe ofufuza kuti atiuze. Tidamva za midzi imene idalipo pa pepala pokha. Tidamva za maina a anthu amene adagona kale kumanda, koma chaka ndi chaka ankalandira feteleza. Tidaona nkhalamba zikugona pa depoti masiku atatu, pamene mavenda akutulutsa matumba ku khomo la kuseri. Ndipo zimenezi sizidachitike m'dziko la anthu osadziwa Mulungu. M'midzi yambiri amfumu ndi mkristu, wapampando wa komiti ndi mkristu, mlangizi ndi kalaliki wa pa depoti ndi akristu, ndipo wamasiye wosiyidwayo amakhala nao pa benchi limodzi m'tchalitchi pa Lamulungu.

Kwa inu amene mwapatsidwa udindo wolemba kapena wogawa, tikunena ndi ulemu wonse koma mosabisa. Feteleza ameneyo si mphatso ya munthu kapena ya chipani. Amagulidwa ndi msonkho umene ngakhale wosauka amalipira akamagula zinthu zosiyanasiyana, ndiponso ndi ngongole zimene ana athu adzabweze. Kulemba dzina labodza nkuchimwira lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama. Kutenga thumba la wamasiye nkuchimwira lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba. Kumuuza mai kapena mtsikana kuti apereke thupi lake kuti athandizidwe msanga ndi tchimo lolira kwa Mulungu. Anthu amakonda kunena kuti mbuzi imadya pamene aimangirira. Koma inu simudamangiriridwe pa kaundula kuti mudyepo. Mudaikidwa pamenepo monga Stefano ndi anzake, amene Apostoli adawasanjika manja asadagwire dengu la chakudya. Eklezia woyamba adaona kuti ntchito yogawa imafuna Mzimu Woyera monga momwe imafunira ntchito yolalika.

Akatekisti athu, pokonzekeretsa anthu ku Sakramenti la Kulapa muziwakumbutsa chiphunzitso chakale cha Eklezia, chakuti tchimo la kuba silitha ndi mau okha. Wakuba ayenera kubweza monga angathere. Zakeyo uja, wokhometsa msonkho wa ku Yeriko, Ambuye atalowa m'nyumba mwake, adalonjeza kubwezera amene adawanyenga. Ngati wina adadya thumba la mnzake chaka chatha, nkhokwe yake ili ndi chimanga cha mnzakeyo, ndipo masika ano ndiyo nthawi yabwino yokatula mtolo pa khomo pake. Sikofunika kuimba ng'oma. Akhoza kupita madzulo, mwakachetechete.

Koma tisalekere pa kudzudzula anthu, pakuti taona kuti ku Yerusalemu ogawa mwina sanali akuba, ndipo ku America choipa chachikulu chinali m'dongosolo. Munthu wabwino amene akulemba maina yekha m'chipinda chotseka adzakumbukira abale ake poyamba, chifukwa ndiwo amawaona tsiku ndi tsiku, ndipo ndiwo adzamvutitse akawasiya. Kumthandiza munthu wotere nkutsekula chitseko. Nchifukwa chake tikupempha miphakati ndi malimana athu kuti achite zinthu zimene zili m'mphamvu zao.

Nyengo yolemba maina isadafike, khalani pansi ndi kuwerenga makomo a m'dera lanu limodzilimodzi. Ndani ali ndi munda ndi mphamvu zolimira koma alibe chogulira feteleza? Ndi nyumba iti imene mutu wake ndi mwana wamasiye? Ndani adabwera kudzakwatiwa kuchokera kutali, mwamuna wake namwalira, ndipo tsopano alibe womlankhulira pa bwalo? Ameneyo ndiye wamasiye wolankhula Chigriki wa m'mudzi mwanu. Musafunse ngati ndi Mkatolika. Njala sifunsa kalata ya ubatizo. Ndani alibe chiphaso cha unzika, kapena chake chidatayika? Mperekezeni mwezi uno, pakuti mvula ikagwa kudzakhala kutachedwa.

Pa msonkhano wa mudzi pitani nonse, ndipo pemphani mwaulemu kuti maina awerengedwe mokweza pamaso pa anthu. Dzina la munthu wakufa silingapirire kutchulidwa pamaso pa amene adakumba manda ake. Posankha a komiti, chitani monga adachitira akristu oyamba: ikanimo anthu a mbali imene imaiwalidwa, amai amasiye ndi alimi a kamunda kamodzi, ndipo muwachirikize akayamba kulankhula. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Amuna 18 a ku Tyronza adaidziwa nzeru imeneyi ngakhale sadaumve mwambi wathu.

Kwa inu amene dzina lanu latuluka, landirani ndi kuthokoza, ndipo gwiritsani ntchito m'munda zimene mwalandira. M'midzi yambiri anthu amagawana thumba limodzi mabanja awiri. Zikachokera mu mtima wa mwini wake, chimenecho ndi chikondi, ndipo Mulungu achidalitse. Zikachitika mokakamiza kuti wina wamphamvu apezepo gawo, dzina lake ndi lina. Alipo ena amene amagulitsa mwai wao kwa mavenda chifukwa mwana wadwala kapena m'nyumba mulibe ufa. Tisafulumire kuwaweruza. Tidzifunse kuti mphakati unali kuti pamene mbale wathu adafika posankha pakati pa nsima ya lero ndi chimanga cha chaka chamawa. Ndalama zochepa zosonkherana zikadamgulira thumbalo, iye nkudzabweza pokolola.

Ndipo tisaiwale kuti mlandu wa m'buku la Ntchito za Apostoli udachitika mu Eklezia. Chimanga cha chithandizo chikafika pa parishi, mbeu kapena mbuzi zikabwera kudzera m'manja mwathu, ndalama za osauka zikamagawidwa, muyeso umene tikupempha kwa boma ndi kwa mafumu tiyambe ndife kuutsata. Sitingapemphe amfumu kuwerenga maina poyera ngati athu timawalemba mseri. Makolo, ananso amaona. Mwana amene wamva bambo ake akunyadira kuti adalembetsa maina atatu pa banja limodzi waphunzira katekisimu wina, woposa mphamvu uja wa Loweruka masana.

Mu Mthenga Wabwino wa lero, Ambuye Yesu, usiku woti mawa lake aphedwa, adalimbitsa mtima ophunzira ao powalonjeza kuti kwa Atate palibe amene adzasowe pokhala, ndipo kuti iwo akupita kukawakonzera malo. Mau amenewa ndi otonthoza kwa onse amene adatulutsidwa m'nyumba ndi kukhala m'mbali mwa mseu, ndi kwa onse amene adabwerera ku depoti chimanjamanja. Malembo Oyera amanenanso za kaundula wina, buku la moyo, limene silingalembedwe ndi chiphuphu ndipo mulibe dzina lopeka. Wogwira kaundula ameneyo adatiuziratu kuti adzatifunsa za anjala ndi alendo amene tidawaona. Tsiku limenelo amfumu ndi wamasiye, kalaliki ndi mlimi, wansembe ndi katekisti, tonse tidzaima pa mzere umodzi kudikira kuti timve dzina lathu.

Tipemphere. Inu Mulungu Atate athu, amene mumagwetsa mvula pa minda ya olemera ndi ya osauka, tikukuthokozani chifukwa cha zokolola za chaka chino. Patsani nzeru atsogoleri a dziko lathu, kuti chuma cha onse chifike kwa amene akuchisowa koposa. Limbitsani mtima mafumu, alangizi ndi onse ogwira kaundula, kuti aziopa Inu koposa anthu. Kumbukirani amasiye ndi ana amasiye, ndipo tsekulani maso athu kuti tiwaone iwo amene tidazolowera kuwapitirira. Mwa mapemphero a Stefano woyera ndi a Amai Maria, tisungeni m'chilungamo ndi m'chikondi. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.

Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni inu, mabanja anu ndi minda yanu, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.